Za Galimoto Imene Inasanduka Nyali ya M'nyumba

Tiyi anayamba kubzalidwa kuno ku Thyolo mu 1908, ndipo Maclean Kay anagula malo a Satemwa mu 1923. Masiku amenewo eni minda anali kudzipezera okha mphamvu yoyendetsera makina ao, koma m'nyumba za antchito munali koloboyi wa palafini, ndipo ena anali kungodalira moto wa pa mafuwa.

Magetsi a madzi anadza pambuyo pake. A pa Nkula anayamba mu 1966, a pa Tedzani mu 1973, a pa Kapichira mu 2000. Taonani, abale, kuti malo atatuwa ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Dziko lonse linakhala ngati mudzi wotunga pa chitsime chimodzi. Chingwe cha ESCOM sichinafike m'midzi yambiri, tsono anthu anayamba kugula mabatire akale a galimoto kuti azimvera wailesi. Ndipo moto ukatha m'batire, mnyamata ankaimangirira pa njinga, nakaidzazitsa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe. Nzeru imene tikunenayi inayambira pamenepo, m'manja mwa osauka.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, kumunsi kwa mapiri athu ano, ndipo mphamvu yokwana pafupifupi mamegawati 130 inatayika kufikira 2023. Pamenepo mdima unalowanso m'nyumba za makalaliki, aphunzitsi ndi amasitolo amene anazolowera kuwala. Amene anali ndi galimoto anakumbukira batire ya kumudzi ija.

Machitidwe ake ndi awa. Batire ya galimoto ili ndi mavoti 12, koma zipangizo za m'nyumba zifuna 230. Chifukwa chake alumikizapo kabokosi kotchedwa inveta, kamene kakweza mphamvuyo. Injini ikamalira, alitaneta abwezera m'batire moto umene ulikutuluka. Ikakhala chete, batire iphwa, ndipo m'mawa galimoto ikana kudzuka. Nyali zingapo, wailesi ndi lamya zitheka bwino. Simbi yositira ndi mbaula ya magetsi zimeza moto wambiri, sizitheka ai. Ine ndiyesa kuti mwana wa sukulu wowerengera mayeso ndiye woyenera kuyamba kulandirako, kanema adikire.

Zoopsa zilipo ziwiri, ndipo ndipempha owerenga azifotokozere anzao osadziwa kuwerenga. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha umene suoneka, ndiponso sununkha. Munthu angomva mutu ndi tulo, nagona osadzukanso. Galimoto ilire pabwalo, kutali ndi zenera, ngakhale kukugwa chiperoni. Chachiwiri, wina aganiza kulowetsa chingwe cha inveta m'soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iwale. Motowo ukhoza kutuluka kunka ku mitengo ya panjira, nukantha wantchito amene wakwera kukonza chingwe, poyesa kuti chazima.

Chaka chomwecho cha 2022 petulo anasowa, ndipo magalimoto anali kugona pa mizere ku Limbe ndi ku Blantyre. Mwini galimoto anayenera kusankha: kutentha mafuta ake ochepawo kuti ana aone kuwala madzulo, kapena kuwasunga kuti mwina usiku wina adzafunika kuthamangitsa wodwala ku Malamulo.