Ukapolo: nkhondo ya ku America ndi magoli a kwathu kuno

Wokwera minibasi kuchoka ku Kaunda Square kupita m'tauni amadutsa pa Munali, ndipo wopita kumudzi amakhotera kum'mawa mumsewu wa Great East, umene umawoloka Luangwa n'kukafika ku Chipata. Mayina atatuwa, Munali, Kaunda ndi Luangwa, amakumana pa nkhani imodzi. Munali ndi dzina limene anthu a kumtunda kwa Zambezi anapatsa David Livingstone. Kenneth Kaunda anali mwana wa mphunzitsi wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia. M'chigwa cha Luangwa ndi mmene anthu ankagwidwa n'kugulitsidwa. Nkhani yake ndi ukapolo, ndipo ambiri a ife timaudziwa bwino wa ku America kuposa wa kwathu.

Tiyambire ku America komweko. Pofika 1860, dzikolo linali ndi akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ambiri akulima thonje m'zigawo za kummwera. Poyamba andale sankakangana za kumasula anthuwa. Ankalimbirana malo atsopano a kumadzulo, ngati ukapolo uloledwe kumeneko kapena ayi. Anagwirizanapo mu 1820 ndi mu 1850, koma mgwirizano uliwonse unkangokwirira moto ndi phulusa. Lamulo la Kansas-Nebraska la 1854 linasiyira okhala m'maderawo kuti asankhe okha, ndipo ku Kansas anthu anayamba kuphana. Mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya dzikolo. Apa n'kuti mipingo itang'ambika kale, wa Methodist mu 1844 ndi wa Baptist mu 1845, mbali zonse ziwiri zikuwerenga Baibulo limodzimodzi. Mzungu wina, John Brown, anaukira nyumba yosungira mfuti ku Harpers Ferry mu 1859 kuti akapolo awukire ambuye awo, ndipo ananyongedwa.

Abraham Lincoln atapambana chisankho cha 1860, zigawo za kummwera zinayamba kupatuka mpaka zinakwana 11. Mfuti zinalira pa Fort Sumter mu Epulo 1861. Pa 1 Januwale 1863 Lincoln analengeza ufulu wa akapolo m'zigawo zogalukirazo, ndipo nkhondo inatha mu 1865 itapha anthu oposa 600,000. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa katatu: mu 1865 kuthetsa ukapolo, mu 1868 kupereka unzika, mu 1870 kuletsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu. Komabe patangopita zaka zochepa, kummwera kunabwera malamulo a tsankho amene anakhalapo mpaka zaka za m'ma 1960.

Mu Julayi 1861, mwezi umene asilikali a kumpoto ndi a kummwera kwa America anamenyana nkhondo yaikulu yoyamba ku Bull Run, Livingstone anali pa mudzi wa Mbame, kumapiri a ku Shire, paulendo umodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie. Panatulukira mzere wa anthu ogwidwa. Amuna anali m'magoli, mtengo wa mphanda wokolekedwa m'khosi n'kutsekedwa ndi chitsulo, akazi ndi ana atamangidwa zingwe. Oyendetsa gululo anathawa, magoli anadulidwa ndi sowo, ndipo anthu 84 anamasulidwa. Amenewa ndiwo anakayamba nawo mishoni ya Magomero. Livingstone ankakhulupirira kuti thonje lolimidwa ndi mfulu ku Shire lingachepetse njala ya mafakitale a ku Britain pa thonje la akapolo la ku America. Choncho nkhani ziwirizi zinali zolumikizana kuyambira pachiyambi.

Chowawa pa mbiri yathu n'chakuti wogulitsa ndi wogulitsidwa nthawi zambiri ankamvana chilankhulo. Ku Nkhotakota a Jumbe ankawolotsa anthu panyanja pa zombo, ulendo wa ku Kilwa. Kummwera kwa nyanja mafumu a Chiyawo monga Makanjira ndi Mponda analemera ndi malonda omwewo. Kuno kwathu, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, pa Zumbo ndi pa Feira, panali Kanyemba ndi Matakenya, akuluakulu a ankhondo a Achikunda okhala ndi mayina ndi maudindo a Chipwitikizi. Magulu awo ankafunkha midzi ya Ansenga ndi mitundu yoyandikana nayo, kufuna minyanga ya njovu ndi anthu. Achikundawo makolo awo anali akapolo pa minda ikuluikulu ya Apwitikizi ku Zambezi. Munthu wogwidwa dzana ankapatsidwa mfuti kuti akagwire mnzake.

Si onse amene ankapita kunyanja ya mchere. Ambiri ankatsala m'midzi yathu momwemu. Wina ankaperekedwa ngati chikole pa mlandu wa mbale wake, wina ankasinthanitsidwa ndi chakudya m'chaka cha njala. Kwa ife Achewa, amene mwana ndi wa kuchikazi, mkazi wogulidwa anali wamtengo wapatali pa chifukwa chomvetsa chisoni: analibe mlongo womuyankhulira. Ana ake analibe malume, motero ankakhala a bambo awo kotheratu, opanda kwawo kothawira zinthu zikavuta. Ine ndimaona kuti bala lalikulu la ukapolo wa kuno lili pamenepa, chifukwa unalowa m'mabanja ndi m'mitundu, n'kubisala m'menemo.

Kwathunso ukapolo unatha ndi nkhondo, koma sitinaimenye tokha monga anachitira Aamerica. Ku Karonga, wamalonda a anthu Mlozi analimbana ndi azungu a African Lakes Company kuyambira 1887, mpaka Harry Johnston anagumula linga lake n'kumunyonga mu Disembala 1895. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa, ndipo anthu ambiri ogwidwa pankhondo za Angoni anamwazikana kufunafuna kwawo. Ku Barotseland, Lewanika analengeza kutha kwa ukapolo mu 1906. Palibe angakane kuti magoli anachoka. Koma amene anawachotsa anatenga dziko, anaika msonkho wa nyumba, ndipo amuna anayamba kuyenda wapansi kupita ku migodi ya kummwera kukafuna ndalama ya msonkhowo. Ku Nyasaland kunabwera thangata, kulima munda wa mzungu popanda malipiro enieni kuti ukhale pa malo a makolo ako.

John Chilembwe anaona mbali zonse ziwiri ndi maso ake. Anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pakati pa anthu akuda omasulidwa ndi ana awo, pa nthawi imene tsankho linali litafika pachimake. Anabwerera mu 1900 mothandizidwa ndi Abaptist akuda a ku America, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe kuja anasonkhana omasulidwa a mu 1861, n'kupha woyang'anira wake, William Jervis Livingstone.

Nkhani ya Kaunda nayonso imalumikiza mbali ziwirizi. Mishoni ya Livingstonia, imene inayamba mu 1875 pofuna kulalikira ndi kuthetsa malonda a anthu, inatuma David Kaunda ku Chinsali. Mwana wake Kenneth anabadwira ku Lubwa mu 1924, anaphunzira ku Munali, ndipo mu 1960 anakaonana ndi Martin Luther King ku Atlanta, aliyense ali pankhondo yake yomenyera ufulu.

Aamerica akukanganabe za ukapolo mpaka lero, koma ali ndi mabuku, makalata ndi maumboni a omasulidwa amene analembedwa iwo akali moyo. Ife tinasankha kukhala chete. M'makomboni a Lusaka muli zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira, zokwatirana, zopemphera tchalitchi chimodzi, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma kumudzi, pa mkangano wa ufumu kapena wa munda, mawu akuti "kapolo" amatulukabe kuti atseke wina pakamwa, ndipo wonenedwayo sadziwa n'komwe agogo ake anachokera kuti. Inu amene muli ndi agogo ku Petauke, ku Nyimba, ku Katete kapena ku Luangwa, mukapita kumudzi afunseni za mtundu wanu ndi kumene unachokera, ndipo mujambule mayankho awo pa foni. Aphunzitsi a mbiri, pophunzitsa za Lincoln, tchulaninso Mbame, Zumbo ndi Karonga.