Ballarat: Mudzi wa Golidi ndi Mlandu wa Ciphaso

M'dziko la Australia, kumene mizinda iri yotalikirana kwambiri, anthu ambiri ofuna kuona dziko amayenda pa galimoto yaikulu yokhala ndi kama, mbaula ndi thanki la madzi m'kati mwace, kotero kuti pamene dzuwa lawalowera ndi pomwe agona. Wa ulendo wotere akacoka mu mzinda wa Melbourne kulinga kumadzulo, atayenda makilomita opitirira pang'ono 100, amafika ku Ballarat. Pa citunda cina ca mu mzindawo pali mudzi wochedwa Sovereign Hill. Mudziwu si wakale ai, ngakhale uoneka wakale. Anautsegula m'caka ca 1970, ataumanga dala kuti uonetse m'mene Ballarat analiri pa zaka 10 zoyamba golidi atapezeka kumeneko mu 1851.

Mlendo amasiya galimoto yace kunja nalowa pansi. Mseu waukulu ulibe tara. Pa dzuwa ndi pfumbi, pa mvula ndi matope, ndipo ngolo zokokedwa ndi akavalo zimapita momwemo. Mbali zonse ziwiri kuli masitolo a matabwa, ndipo amisiri amene ali m'katimo sacita zoyerekeza cabe. Wosula asuladi zitsulo, wopanga magudumu a ngolo awapangadi, makandulo ndi masiwiti aziumba pamaso pa anthu. Ana a sukulu za masiku ano amabwera kudzakhala masiku awiri atabvala zobvala za nthawi ija, nalemba pa masileti ndi colembera cobviika mu inki. Kumunsi kuli kamtsinje kumene mlendo amapatsidwa mbale yacitsulo kuti asuke mcenga. Akapirira amaona tinyenyeswa tonyezimira pansi pa mbale; ndi golidi weniweni, koma eni malowo ndiwo amamuthira m'madzimo, pakuti mwini wace wa kamtsinje anatha kalekale.

Zonsezi n'zokondweretsa maso, ndipo zamangidwa mosamala. Koma akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cimene cinachukitsa Ballarat m'mbiri ya Australia si masitolo ace, kapena kulemera kwa golidi wace. Ndi kapepala kamene wokumba ali yense anayenera kuyenda nako m'thumba.

Dziko limenelo linali la anthu a mtundu wa Wadawurrung, ndipo dzina lakuti Ballarat licokera m'cinenero cao. Azungu oweta nkhosa anafika mu 1838 nalanda mabusa. Tsono mu Ogasiti 1851 golidi anapezeka, ndipo mbiri inathamanga ngati moto wa lupsa. Abusa anasiya nkhosa, amalinyero anathawa zombo zao pa doko la Melbourne, akalaliki anatseka maofesi. Pambuyo pace kunafika zombo zodzala anthu ocokera ku England, Ireland, Scotland, Germany, Italy, America ndi China. Mu 1851 dziko la Victoria, m'mene muli Ballarat, linali ndi anthu ngati 77,000; pofika 1861 anapitirira 500,000.

Oyamba kufika anatola golidi pamwamba, m'mcenga ndi m'dothi losaya. Ameneyo sanakhalitse. Wotsala anali pansi patali, m'makwawa a mitsinje yakale imene inakwiririka zaka zosawerengeka zapitazo, ndipo panalibe cizindikiro pamwamba cosonyeza kumene mtsinje wokwiririkawo unakhotera. Amuna anagwirizana m'timagulu, nakumba dzenje loongoka lakuya mamita 30 kapena 40, nachinjiriza zipupa zace ndi matabwa kuti zisagwe, natunga madzi ndi zidebe usana ndi usiku. Nchito ya dzenje limodzi inkadya miyezi isanu kapena kuposa, ndipo pa miyezi yonseyo sankapeza kanthu, koma ngongole kwa wa sitolo. Ena pofika pansi analemera tsiku limodzi. Mu Juni 1858 amuna a ku Cornwall anafukula mwala wa golidi wolemera makilogalamu ngati 69, umene anaucha Welcome Nugget. Koma ambiri anapeza kuti mtsinje unadzera m'dzenje la anansi ao.

Apa ndi pamene ciphaso cinawawira. Lamulo linati golidi yense wa m'nthaka ndi wa Mfumukazi ya ku England, ndipo wofuna kukumba agule cilolezo kwa Boma. Poyamba mtengo wace unali mashilingi 30 pa mwezi. Kumapeto kwa 1853 unatsika kufika paundi imodzi pa mwezi. Msonkhowu sunayang'ane cimene munthu wapeza. Wofukula cuma ndi wofukula matope analipira cimodzimodzi, ndipo analipira asanakumbe. Apolisi ankazinga migodi ndi akavalo nafunsa ciphaso kwa ali yense. Munthu amene anacisiya m'hema poopa kuti cinganyowe m'dzenje anali wolakwa monga amene sanagule konse. Faindi yace inali mapaundi 5, ndipo theka linkapita kwa wapolisi amene wamgwira; tsono n'cosadabwitsa kuti apolisi anakonda nchito imeneyi kuposa kugwira mbala. Pamene ndende inasowa, ogwidwa ankawamangirira ndi unyolo ku zipika. Pamwamba pa zonsezi okumbawo analibe mau posankha aphungu opanga malamulo, ndiponso kunali kobvuta kuti agule munda, popeza dziko linali m'manja mwa eni nkhosa.

Mu 1854 kunafika Bwanamkubwa watsopano, Sir Charles Hotham. Anapeza thumba la Boma liri ndi ngongole, ndipo analamula kuti kusaka ziphaso kucitike kawiri pa mlungu. M'mwezi wa Okutobala wokumba wina wa ku Scotland, James Scobie, anaphedwa pafupi ndi hotela ya Eureka. Anthu anakayikira mwini hotela, James Bentley, koma bwalo linammasula, ndipo kunamveka kuti woweruza wina anali bwenzi lace. Pa 17 Okutobala khamu la anthu linatentha hotelayo. Pa 11 Novembala anthu zikwi zambiri anasonkhana pa citunda ca Bakery Hill nayambitsa bungwe la Ballarat Reform League. Zopempha zao zinapitirira nkhani ya ciphaso: anafuna kuti mwamuna ali yense akhale ndi voti, ndi kuti wosauka aloledwe kukhala phungu. Bwanamkubwa sanawamvere. Pa 29 Novembala ena anatentha ziphaso zao poyera, ndipo m'mawa mwace bwana woyang'anira migodi, Robert Rede, anatumanso apolisi kukasaka ziphaso, ngati munthu wothira mafuta pa moto.

Tsiku lomwelo okumba anasankha Peter Lalor, mwamuna wa ku Ireland, kuti awatsogolere. Anakweza mbendera yabuluu yokhala ndi mtanda woyera ndi nyenyezi zisanu, nalumbira pansi pace kuti sadzatayana. Anamanga linga pa Eureka, la matabwa a m'migodi ndi ngolo zogubuduzidwa. Kunena zoona linali linga losalimba, ndipo nzeru za nkhondo zinacepa. Loweruka usiku ambiri anabwerera ku mahema ao, poganiza kuti Boma la Cikristu silingacite nkhondo pa Sabata. M'lingamo munatsala amuna osapitirira 150. Mbanda kuca pa 3 Disembala 1854 asilikari ndi apolisi 276 anafika mwakacetecete. Nkhondo siinathe ngakhale theka la ora. Okumba osacepera 22 anafa, ena a iwo atabayidwa nkhondo itatha kale, ndipo asilikari akufa anali asanu kapena asanu ndi mmodzi. Lalor anaomberedwa pa phewa. Anzace anambisa, ndipo pambuyo pace madokotala anadula dzanja lace lamanzere mobisa.

Boma linapambana pa linga, koma linagonja pa bwalo. Amuna 13 anazengedwa mlandu woukira Mfumukazi, mlandu wa imfa. Woyamba kuimirira anali John Joseph, munthu wakuda wa ku America. Ena amati Boma linayamba ndi iye poyesa kuti anthu oyera osankhidwa kuweruza sadzamcitira cifundo. Iwo anammasula, ndipo khamu linamnyamula pa mpando m'miseu ya Melbourne. Onse 13 anamasulidwa. Mu 1855 ciphaso ca mwezi cinathetsedwa. M'malo mwace munabwera cikalata cochedwa Miner's Right, ca paundi imodzi pa caka, cimene cinapatsanso mwini wace voti; ndipo Boma linayamba kutenga msonkho pa golidi wotuluka m'dziko, ndiko kuti pa cimene capezekadi. Caka comweco Lalor, amene Boma linalonjeza mphotho kwa womgwira, analowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1880 anakhala Sipikala wace.

Koma cilungamo cimeneci cinali ndi malire ace, ndipo olemba mbiri ena amafulumira kupitirira pamenepa. M'caka comwe ca 1855 Boma la Victoria linaika msonkho wa mapaundi 10 pa munthu ali yense wa ku China wotsika m'zombo pa madoko ace. Okumba oyera ambiri, omwe aja anadana ndi msonkho wosayang'ana cuma, anaukondwerera umenewu. Eni zombo anapeza njira yozemba: anayamba kutsitsa Achaina pa doko la Robe, m'dziko loyandikana la South Australia, ndipo kucokera kumeneko anthuwo ankayenda pansi makilomita oposa 400, katundu ali pa mitengo ya pa phewa, kuti afike ku migodi. Mu 1857 mokha anatsika kumeneko anthu oposa 10,000. Za Awadawurrung, eni nthaka imene onsewa ankalimbirana, panalibe amene anawafunsa kanthu.

Ku Sovereign Hill anamangako msasa wa Achaina ndi kacisi wao, ndipo asilikari a malaya ofiira amaguba mu mseu naomba mfuti za gogodela, ana akuomba m'manja. Linga lenileni silinali pamenepo ai; malo ace ali makilomita owerengeka kucokera pa citundaco, ndipo mbendera ija, yong'ambika m'mbali cifukwa anthu ankadulako tizidutswa ta cikumbutso, ikali kusungidwa mu mzindawo. Mgodi wotsiriza wa nyengo ija unatsekedwa mu 1918. Wa ulendo amene ali ndi nthawi asanabwerere pa mseu waukulu angathe kuimika galimoto yace pa manda akale a Ballarat. Kumeneko kuli cipilala ca okumba amene anafa pa Eureka, ndi cina ca asilikari, m'bwalo limodzi. Ndipo ca kumbali kuli manda a Achaina, ndi miyala yao yaifupi yolembedwa m'cinenero cao.