Zimene Nyenyezi Yachete Inaulula

Gulu la Riccardo Giacconi litapeza Scorpius X-1 mu 1962, akatswiri a zakuthambo ankathamangira zinthu zowala kwambiri basi. Nyenyezi ya neutron ngati imeneyi ikamakoka mpweya wa nyenyezi inzake imatulutsa ma X-ray ochuluka, koma mpweyawo ukaleka kugwa imazilala, ndipo zipangizo za nthawiyo sizinkaionanso. Komatu nthawi yachete imeneyi ndi imene yatiphunzitsa zambiri, pakuti moto wa pamwamba ukazima m'pamene nyenyezi yeniyeniyo imaonekera. Mu 1998 Brown, Bildsten ndi Rutledge anafotokoza kuti kulemera kwa mpweya wogwerawo kumafinya chikhungwa cha nyenyeziyo n'kusiya kutentha mkati, ndipo kutenthako kumatuluka pang'onopang'ono zonse zikadekha.

Otsutsa alipo, ndipo si opusa ayi. Iwo amati kuwala kotsalako n'kwa kampweya kamene kakudontherabe. Nyenyezi ya Centaurus X-4, yomwe inaoneka koyamba mu 1969, imasinthasintha kuwala ngakhale ili chete, zimene kutentha kwa mkati pakokha sikungachititse. Apo akunena zoona. Koma taonani KS 1731-260, imene inazilala mu 2001 itayaka zaka zoposa 12. Makina oonera kuthambo a Chandra ndi XMM-Newton, omwe anatumizidwa m'mlengalenga mu 1999, anaiona ikuzizira mwadongosolo kwa zaka zingapo, ngati mafuwa a moto wadzulo. Mpweya wogwa mwa apo ndi apo sungachite zimenezo. Kuzizira kwake kofulumirako kunasonyezanso kuti chikhungwacho chimadutsitsa kutentha mosavuta kuposa mmene ambiri ankaganizira.