NKHANI ZOOPSYA M'KANYAMA: ZA PAMOTO, ZA MPHEKESERA NDI ZA M'BUKU

Kanyama ndi mudzi waukulu wokhala kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka. Amene anaumanga ndiwo anthu odzafuna nchito m'tauni, ena ocokera ku Petauke, ena ku Fort Jameson kumene lero akuti Chipata, ena ku Nyasaland ndi kwina. Pobwera anatenga makasu ndi mphasa, natenganso nthano za kwao. Madzulo ana anali kumva za afiti okwera afisi, za kadzidzi wolira pa denga ndi za zilombo zomeza mudzi wathunthu. Nthano zimenezi zinali ndi mpanda wace. Wosimba akati "Padangokhala," omvera nayankha "Tili tonse," onse anadziwa kuti zocitikazo ziri m'dziko lopeka, ndipo nthano ikatha mantha anathera pomwepo.

Koma m'Northern Rhodesia munali nkhani inanso yopanda mpanda, ndiyo ya banyama. Inamveka kumpoto kwa dziko ca m'ma 1930, nifalikira ku migodi ndi ku Lusaka. Anthu anati alipo Aafrika olembedwa nchito ndi Azungu kuti azigwira anzao usiku ndi kuwacotsa mwazi. Mphekeserayi inali ndi pomera. Masiku amenewo a cipatala anali kutengadi timadontho ta mwazi poyesa nthenda ya kaodzera, kawiri-kawiri osalongosola cifukwa cace, ndipo amuna ambiri opita ku nchito zakutali sanabwererenso. Pofika 1952 ndi 1953, pamene citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukakamizidwa pa anthu osacifuna, munthu woganiziridwa kuti ali wa bungwe la Capricorn Africa Society anali kunenedwa munyama, ndipo kunamvekanso kuti m'shuga athiramo mankhwala oletsa kubala. Akatswiri a mbiri, Mwelwa Musambachime mu 1988 ndi Luise White mu 2000, anasanthula nkhaniyi naonetsa kuti inali njira yonenera mantha enieni a anthu olamulidwa.

M'zaka zomwezo mabuku anayamba kucuruka. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazika Publications Bureau ku Lusaka, kuti mabuku a m'zinenero za kuno azisindikizidwa pa mtengo wocepa. Ambiri a Cinyanja anatsata njira ya Nthondo, buku limene Samuel Ntara analemba mu 1933, ndiko kusimba za miyambo ndi makhalidwe ndi kutsiriza ndi cilangizo. Pa Cibemba Stephen Mpashi anayesa njira ina, nalemba nkhani ya kufufuza mlandu yochedwa Uwakwensha Ubushiku. Koma wofuna zoopsya kapena za akuba ndi apolisi anazipeza makamaka m'Cingelezi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mabuku a James Hadley Chase anayenda m'manja mwa anyamata mpaka zikuto kuthothoka, ndipo kuyambira 1977 kunadza timabuku ta Pacesetters tolembedwa ndi Aafrika. Ambiri anagulidwa akale pa msika, nawerengedwa pa kuunika kwa koloboi. Aphunzitsi ndi akulu a mipingo anawanyoza kuti ngotaya nthawi.

Kuweruza kotero kunali kofulumira. Buku loopsya lolembedwa bwino liri ndi phunziro limene buku la malangizo silipatsa, ndipo citsanzo cace ndi Dracula, limene Bram Stoker anasindikiza mu 1897. Nalonso lisimba za woyamwa mwazi. Mlembiyo sanaisimbe nkhani ndi pakamwa pace. Anaikonza monga mulu wa makalata, zolemba za tsiku ndi tsiku ndi zodula m'nyuzipepala, kuti ioneke ngati umboni wa anthu ambiri. Mphekesera iyendanso cimodzi-modzi: uyu anamva kwa mlamu wace, mlamuyo kwa mlonda, koma woona ndi maso sapezeka. Amene wazindikira msampha umenewu m'buku sakodwa nao msanga pa mpope wa madzi kapena m'basi.

Cifukwa cace wowerenga wanzeru afunsa mafunso atatu. Loyamba, asimba nkhaniyi ndani, ndipo waidziwa bwanji? Laciwiri, kodi pansi pa cilomboco pali mantha otani enieni? Buku longothira mwazi pa tsamba liri lonse popanda mantha otere liri ngati ndiwo zopanda mcere. Lacitatu, nkhaniyo iloza cala kwa yani? Dracula ndi mlendo wocokera ku Transylvania wolowa m'London mwakacetecete, ndipo munyama nayenso kawiri-kawiri anali mlendo, kalaliki wa boma kapena wa cipatala. Nkhani yophunzitsa kuti wacilendo ali yense ndi mdani iyenera kuwerengedwa ndi maso awiri, ngakhale ikome motani.

Funso lotsirizali nlolemera, pakuti mphekesera za mwazi sizinathe ndi ulamuliro wa Azungu. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe m'Malawi, anthu oganiziridwa naphedwa ndi makamu. Mu 2020 mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, amene anayambira ku Chingola, anafika m'makomboni a Lusaka, ndipo m'dziko lonse anthu makumi angapo anafa m'manja mwa anzao popanda bwalo la milandu.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu asacite manyazi kuwerenga buku loopsya, koma alifunse mafunso atatu aja modekha. Akazolowera kutero pa pepala, pamene palibe wophedwa, adzakhoza kuwafunsanso usiku umene khamu liri kupfuula pa mseu wa m'Kanyama.