Mpikisano umene unachoka ndi dzina la Dakar

Pa 26 Disembala 1978, anthu akadali pa tchuthi cha Khirisimasi, galimoto, njinga zamoto ndi malole 182 zinanyamuka pabwalo la Trocadéro mumzinda wa Paris ku France. Ulendo wake unali wa ku Dakar, likulu la Senegal, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000 kudzera ku Algeria, Niger, Mali ndi Upper Volta, dziko limene lero timalitcha Burkina Faso. Pofika pa 14 Januwale 1979, zimene zinalowa mu Dakar zinali 74 zokha. Zinazo zinatsalira m'njira, ina itathyoka ekiselo, ina itamira mumchenga, ina mwini wake atangogwa mphwayi. Umu ndi mmene unabadwira mpikisano wa Paris-Dakar.

Chilakolako cha azungu chodula Africa pagalimoto n'chakale kuposa pamenepa. Mu Okutobala 1924, kampani ya Citroën inatumiza galimoto zisanu ndi zitatu, zamalamba m'malo mwa matayala akumbuyo, kuchokera ku Colomb-Béchar ku Algeria. Zinafika ku Madagascar mu Juni 1925, ndipo gulu limene ankatsogolera Georges-Marie Haardt linadzera dera la nyanja ya Malawi polowera kugombe la Mozambique. Cholinga chinali kutsatsa malonda ndi kulumikiza maiko amene France ankawalamulira. Eni nthaka ankangooneka m'zithunzi, kawirikawiri akukankha galimoto zotitimira.

Amene anayambitsa Paris-Dakar ndi Thierry Sabine, mnyamata wa ku France wokonda liwiro. Mu 1977 iye anasochera m'chipululu cha Sahara ali panjinga yamoto, pa mpikisano wochokera ku Abidjan kupita ku Nice. Anamupeza moyo utatsala pang'ono. Wina akanalumbira kuti sadzapondanso mchenga, koma Sabine anabwerera kwawo ndi maganizo otengera anzake komweko.

Zaka zoyambirirazo n'zimene zinapatsa mpikisanowu mbiri. Kunalibe GPS. Woyendetsa ankadalira kampasi, mapu ndi kabuku kolongosola njira kamene mnzake wapambali ankawerenga mokweza. Ambiri anali anthu wamba. Usana ankalimbana ndi milu ya mchenga ya ku Ténéré, kumene munthu amayenda tsiku lathunthu osaona mtengo. Usiku ankagona pansi pa galimoto, sipanala m'manja, kukonza zimene zawonongeka kuti m'mawa anyamukenso. Galimoto ikamira, madalaivala ankaphwetsako matayala, kukumba ndi fosholo, n'kuyala zitsulo pansi kuti matayala agwire. Woyamba kupambana panjinga anali Cyril Neveu pa Yamaha XT500, pomwe pagalimoto inatsogola ndi Range Rover.

Dziko lonse linatchera khutu mu Januwale 1982, pamene Mark Thatcher, mwana wa nduna yaikulu ya Britain Margaret Thatcher, anasowa masiku asanu ndi limodzi m'chipululu cha Algeria ali mu Peugeot 504. Ndege ya asilikali a Algeria ndi imene inamupeza. Kuchokera apo makampani akuluakulu anathiramo ndalama, ndipo nkhani zinachuluka. Mu 1988 Ari Vatanen wa ku Finland, akutsogola, anadzuka ku Bamako n'kupeza Peugeot yake itabedwa. Inapezeka, koma mochedwa, ndipo anachotsedwa mumpikisano. Chaka chotsatira, bwana wa timu ya Peugeot, Jean Todt, poopa kuti madalaivala ake awiri, Vatanen ndi Jacky Ickx, aphana ndi liwiro, anaponya ndalama yachitsulo m'mwamba kuti isankhe wopambana. Inagwera Vatanen.

Sabine sanaone nkhani za Vatanen zimenezi. Pa 14 Januwale 1986 helikopita imene anakwera inagwa pafupi ndi Gourma-Rharous ku Mali, ndipo anthu onse asanu anafera pomwepo. Mmodzi mwa iwo anali woimba Daniel Balavoine, amene anabwera pa ntchito yoika mapampu a madzi m'midzi. Ntchito ya mapampuyo inali yabwino ndithu, ndipo sitingaikane.

Koma pali maliro ena amene mabuku a mpikisanowu amangowalambalala. Galimoto zothamanga ngati mphepo zinkadutsa m'midzi momwe ana ankathamangira kumsewu kukaonerera. Mu 1988 mtsikana wa zaka 10 anagundidwa n'kufa ku Mali, ndipo chaka chomwecho nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inadzudzula mpikisanowu mwamphamvu kuti ukuonetsera chuma pakati pa anthu amene akufa ndi njala ndi ludzu. Mu 2006 anyamata awiri anaphedwa masiku otsatizana, wina ku Guinea wina ku Senegal. Dalaivala akafa, dzina lake ndi chithunzi chake zinkafalitsidwa paliponse. Mwana wa kumudzi akafa, nkhani inkatha m'mizere iwiri, ndipo chaka chotsatira galimoto zinkabweranso. Dalaivala amasaina yekha podziwa kuti akhoza kufa. Mwana woima m'mbali mwa msewu wa kwawo sanafunsidwe ndi aliyense.

Ulendo umene unayandikira kwambiri chigawo chathu ndi wa 1992, pamene mpikisano unadula Africa yense kuchokera kumpoto mpaka ku Cape Town, kudzera ku Libya, Niger, Chad, Central African Republic, Cameroon, Gabon, Congo, Angola ndi Namibia. Ndi chaka chimene GPS inayamba kugwiritsidwa ntchito. Anapambana ndi Hubert Auriol wa ku France pa Mitsubishi Pajero. Auriol, amene anabadwira ku Addis Ababa, anakhala munthu woyamba kupambana panjinga komanso pagalimoto. Mu 2001 Jutta Kleinschmidt wa ku Germany anakhala mayi woyamba kutenga chikhochi.

Mapeto anabwera mwadzidzidzi. Pa 24 Disembala 2007 zigawenga zinapha alendo anayi a ku France pafupi ndi Aleg ku Mauritania. Pa 4 Januwale 2008, kutatsala tsiku limodzi kuti galimoto zinyamuke ku Lisbon, kumene mpikisano wa chaka chimenecho ukanayambira, okonza analengeza kuti mpikisano walephereka. Palibe angawadzudzule poteteza miyoyo. Chowawa n'chakuti zaka zonse zimene ankafa anali ana a m'midzi, mpikisano sunaimepo.

Mu 2009 unasamukira ku Argentina ndi Chile, ndipo kumeneko n'kumene munthu wa mu Africa anapambana koyamba pagalimoto: Giniel de Villiers wa ku South Africa, pa Volkswagen Touareg ya dizilo. Toyota Hilux yomangidwa ku South Africa nayo inapambana mu 2019 ku Peru, ikuyendetsedwa ndi Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar. Kuyambira 2020 mpikisanowu umachitikira ku Saudi Arabia, ndipo mu 2024 Ross Branch wa ku Botswana anamaliza wachiwiri panjinga yamoto. Luso lilipo kwathu kuno, chimene chimavuta ndi ndalama zolowera.

Njira yakale sinafe. Mpikisano wina wocheperapo, Africa Eco Race, umadutsabe Morocco ndi Mauritania n'kukathera ku Lac Rose, nyanja yofiirira ya pafupi ndi Dakar kumene Paris-Dakar inkathera. Koma waukulu uja ukugulitsabe dzina la mzinda umene unausiya mu 2007. Ngati eni ake adzafune kubwerera, maboma a mu Africa asadzangolandira ndalama n'kutsegula misewu. Adzayambe afunsa mafumu ndi makolo a m'midzi imene galimotozo zidzadutse, ndipo njira idzalambalale midziyo.