Mzere Umodzi Umene Unagulitsa Basi ya Bomba

Ndili mwana ku Chawama, kumbuyo kwa msika kunali kanyumba ka malata kumene tinali kuonerera mafilimu. Ndalama inali yokwanira filimu imodzi cabe, ndiye tisanalowe tinali kufunsa mnzathu amene anaionako kale: "Iwe, ikamba zotani?" Akayamba kuzungulira, kuchula amalume ndi alamu a m'filimumo, ndalama inali kubwerera m'thumba. Koma tsiku lina anati, "Msilikali wakale amubera mwana wake wamkazi, ndipo ali ndi maola 11 kuti akamutenge." Tinathamangira benci lakutsogolo. Inali Commando ya 1985, ya Arnold Schwarzenegger.

Zimene anacita mnzathuyo zili ndi dzina ku Hollywood. Amati logline: ciganizo cimodzi kapena ziwiri zofotokoza filimu yonse, kuti nkhani ndi ya ndani, afuna ciani, ndipo comutsekereza n'ciani.

Kaciganizo aka kanakula cifukwa ca malonda. Makampani a mafilimu anali kulandira nkhani zambiri kuposa zimene mabwana akanawerenga, motero analemba anthu nchito yowerenga ndi kufupikitsa. TV itafala ku America, magazini ya TV Guide, imene inayamba kugulitsidwa dziko lonse mu 1953, inali kupatsa pulogalamu iliyonse kamalo kocepa. Mu 1969 wailesi ya ABC inayamba kuonetsa filimu yatsopano mlungu uliwonse, nchito imene anatsogolera Barry Diller. Filimu zimenezo munthu sanazimvepo, ndiye zinayenera kumukopa ndi mau owerengeka amenewo. Diller atapita kukatsogolera Paramount mu 1974, Michael Eisner n'kumutsatira mu 1976, kaganizidwe aka kanalowa nawo m'mafilimu aakulu. Anakacha high concept. Steven Spielberg, amene Jaws yake ya 1975 inadzaza maholo, amadziwika kuti ananenapo kuti nkhani yabwino ya filimu imakwana m'mau 25 kapena ocepera.

Koma kwa ife okonda nkhonya ndi zipolopolo, caka cacikulu ndi 1988, pamene inatuluka Die Hard. Wapolisi wa ku New York, John McClane, abwera ku Los Angeles usiku woti mawa ndi Khirisimasi kudzayesa kukonza ukwati wake. Zigawenga zilanda nyumba yaitali imene mkazi wake agwirako nchito, iye n'kutsala yekha m'katimo, alibe ngakhale nsapato. Filimuyi inapanga ndalama, ndipo olemba anayamba kugulitsa nkhani zao pongosintha malo. Die Hard ya m'sitima yankhondo ya pamadzi inakhala Under Siege ya 1992, mmene Steven Seagal ali wophika. Ya m'ndeke inakhala Passenger 57 ya Wesley Snipes caka comweco. Van Damme anaikidwa m'bwalo la masewera mu Sudden Death ya 1995, ndipo pofika 1997 ngakhale pulezidenti anayamba kumenyana yekha m'ndeke yake mu Air Force One.

Pa zonsezi, imene ine ndimaivulira cipewa ndi Speed ya 1994, yolembedwa ndi Graham Yost. M'basi muli bomba, ndipo basi ikatsika liwiro kufika pansi pa mamailosi 50 pa ola, pafupifupi makilomita 80, iphulika. Basi, zatha. Ukangomva zimenezo mutu uyamba wokha kupanga filimu: nanga akafika pa maloboti? Nanga mafuta akatha? Nanga wokalamba akafuna kutsika? (Pa Great East Road m'mawa filimu imeneyi ikanatha m'mphindi ziwiri.) Mu 1997 anapanga Speed 2, n'kusamutsira nkhani m'sitima yaikulu ya alendo pamadzi. Ndalama anathira zambiri, koma anthu sanaikonde. Kwa ine vuto lioneka kale m'ciganizo cake: cinthu coyenda pang'onopang'ono pakati pa nyanja sicikugwira pakhosi monga basi pakati pa tauni. Ambiri otengera Die Hard anakopera nyumba, naiwala mwamuna wopanda nsapato amene akuopa kutaya mkazi wake.

Mu 2005 Blake Snyder, m'buku lake la Save the Cat, analimbikira kuti logline yabwino ikhale ndi cinthu cosayembekezeka, monga wophika amene apulumutsa sitima yankhondo. Caka comweco Franklin Leonard anayamba The Black List, mndandanda wa nkhani zokondedwa zimene sizinajambulidwe, iliyonse ndi kaciganizo kake.

Ine ndinaphunzira zimenezi mwamanyazi. Ndinatha miyezi isanu ndi umodzi kulemba masamba 90, ndipo munthu wina amene ali ndi kamera ndi anyamata ake anandifunsa funso lomwe lija la ku Chawama. Ndinati, "Mnyamata wolimba mtima alimbana ndi zigawenga mu Lusaka." Anandiyang'ana, kudikira zina. Ndinayamba kufotokoza za agogo a mnyamatayo, iye n'kutulutsa foni.

Kunyumba ndinacotsa mau akuti "wolimba mtima", cifukwa munthu wolimba mtima sitimudera nkhawa. Ndinamupatsa nchito, ndinamupatsa munthu woti angataye, ndi nthawi. Tsopano ikuti: "Kondakitala wa minibasi amene sanamenyepo munthu apeza cikwama ca ndalama za zigawenga pansi pa mpando, ndipo ayenera kucibweza dzuwa lisanalowe kuti mlongo wake asaphedwe, koma dalaivala wathawa naco."

Nditaiwerenga mokweza ndinazindikira kuti m'masamba anga 90 dalaivalayo aonekera kawiri cabe. Ndayambanso pa tsamba loyamba, ndipo pano ndili pa 14.