Nambala wani ndi wotsiriza: mbiri ya malikisi kwathu kuno

Anzanga akale, ndani mwa ife waiwala tsiku lotsekera sukulu? Tinkakhala pansi pa mtengo, makolo ali chakumbuyo, mphepo ya kunyanja ikuomba, aphunzitsi n'kumaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Oyambirira ankaomberedwa m'manja. Akafika kumapeto kunkamveka phwete, ndipo ena mwa omwe tinawaseka sitinawaonenso teremu yotsatira.

Mwambo woyeza mwana ndi manambala tinautengera kwa Angerezi. Nthawi ya Nyasaland, womaliza sekondale ankalemba mayeso a Cambridge, ochokera ku Mangalande. Mu 1969 boma linakhazikitsa bungwe lathulathu la mayeso, la Malawi Certificate Examination Board, ndipo mu 1987 linaphatikizidwa ndi nthambi ya mayeso ya ku Unduna wa Zamaphunziro n'kupanga MANEB ya ku Zomba ija. Koma kapimidwe kanatsala ka Angerezi komweko. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulakwa. Amaphatikiza maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, motero katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Ukalakwa Chingerezi, satifiketi palibe, ngakhale masamu utawamwa ngati madzi.

Ndisaname, manambalawa anatithandiza. Mwana wa msodzi wa kwa Maganga analibe malume ku Capital Hill womulankhulira. Chomwe chinkamulankhulira ndi pepala lake, lochongedwa ndi munthu wosamudziwa. Ambiri a ife amene lero ndi anamwino, aphunzitsi kapena asilikali tinadutsira pakhomo limeneli.

Vuto linali kuchepa kwa khomolo. Mayeso a Sitandade 8 sankangofunsa ngati mwana waphunzira. Ntchito yake yaikulu inali kusefa, chifukwa malo ku sekondale anali ochepa kwambiri. Munthu ankakhoza bwinobwino koma osasankhidwa. Ndiye kunabwera kubwereza, kawiri, katatu, ena mpaka kusintha dzina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Alipo pakati pathu amene mpaka lero kuntchito amadziwika ndi dzina lina, kumudzi lina. Otopa ankalowa MCDE, ena n'kutsika kunyanja kukakoka chilimira. Pano pa Senga Bay kusankha kumeneko sikunali kovuta: usipa unkalipira m'mawa womwewo, pamene sukulu inkangolonjeza. Mnzanga wina amene ankakhala kumapeto kwa mndandanda teremu iliyonse ankadziwa kuti mwera ukubwera pongoyang'ana mitambo, ndipo ndalama za nsomba ankawerengera m'mutu kutiposa tonse. Lipoti lake silinanenepo zimenezi.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana oposa 1 miliyoni anawonjezekera m'makalasi chaka chimodzi. Mphunzitsi wa ana 100 angamudziwe bwanji mwana aliyense? Chimene angathe ndi kuchonga ndi kulemba nambala basi.

Nambala ikakhala ndi mtengo wotere, akuba sasowa. Mayeso a MSCE a 2000 anathetsedwa chifukwa cha likasa, ndipo mu Novembala 2020 zinachitikanso: mapepala anawanda pa mafoni, ana osalakwa n'kulembanso mu Januwale 2021. Ndi JCE boma lenilenilo lakhala likukayikakayika. Inalembedwa komaliza mu 2016, pa chifukwa choti inkadya ndalama zambiri koma satifiketi yake yosapezetsanso ntchito. Kenaka anthu anadandaula kuti ana akufika Fomu 4 osayesedwa mokwanira, ndipo mu 2021 inabwereranso.

Ine sindikufuna kuti mayeso athe. Chimene chimandivuta ndi chija cha pansi pa mtengo, chifukwa MANEB sinatilamule kuseka wotsiriza, tinkachita tokha. Pa msonkhano wathu wotsatira ndidzapempha kuti tikambirane ndi aphunzitsi aakulu, kuti mphatso zomwe bungwe lathu limapereka zisamathere pa nambala wani mpaka 3, koma pakhalenso ya mwana amene wakwera kwambiri kuchokera pomwe anali teremu yatha.